Mchere wa Pambali

Amuna anga anayamba kudandaula za lilime m'nyengo yopopera thonje. Tsiku limenelo anabwera kuchokera kumunda dzuwa lili paliwombo, anatula pampu ya mankhwala pakhonde, nasamba m'manja ndi sopo monga mwa masiku onse. Atangodya pang'ono anaima, n'kuyamba kuyendetsa lilime m'kamwa ngati munthu wofufuza munga wa nsomba.

"Amai, mu ndiwo umu mwaikamo chiyani?"

"Chibwabwa chabe, bambo, masamba a maungu a nsinjilo. Monga mailo, dzulo lomweli."

"Lilime langa lachita dzanzi mbali iyi. Likumveka monga nyama ya munthu wina."

Tonse awiri tinaganizira mankhwala a thonje aja, kuti mwina mphepo inawabwezera kukamwa. Ndinathamanga kukapempha mkaka kwa anansi athu oweta ng'ombe, iwo namwa. Pofika madzulo dzanzi linali litatha, ndipo tinaiwalako. Koma linabweranso sabata yotsatira, tsiku limene sanagwire pampu n'komwe. Kenaka khutu lamanzere linayamba kulira. Ankati mwalowa nyenje yosapuma ngakhale mvula ikugwa. Ankapendeketsa mutu n'kumagogoda khutulo ndi chikhatho, ngati wailesi imene mabatire ake akutha.

Ine kwathu ndi ku Katete. Ananditenga chitengwa ndili mtsikana n'kubwera nane kumudzi kwawo kuno ku Ndake. Ndaberekera kuno, ana anga akulira kuno n'kukamanga mabanja awo kwina, imvi zandimerera kuno, koma pakagwa nkhani yovuta ndimakhalabe "uja wa ku Katete". Moyang'anizana ndi nyumba yathu pali nyumba ya mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anabwerera pamudzi ukwati wake utatha. Sitinali pa udani. Tinkapemphana moto, tinkabwerekana sefa. Chimene sitinkachitchula ndi dimba la nthochi limene apongozi anga anasiya. Amuna anga anandipatsa ine kuti ndizilisamala, ndipo ndine ndinkapita ndi nthochizo ku Nyimba kukagulitsa kwa anthu a m'mabasi. Mlamu ankaliyang'ana dimbalo, ine ndinkamuona akuliyang'ana.

Kuchipatala cha ku Nyimba tinapitira khutu, osati lilime. Nesi anasuzumira m'khutumo ndi katochi, osapezamo kanthu. Kenaka anawakulunga nsalu yothina pamkono, nayang'ana manambala, nawauza kuti apume kaye, nabwerezanso. Nkhope yake inasintha. Anati magazi awo akuthamanga kwambiri, matenda aja tonse timangoti bipi. Anati nthendayi kawirikawiri imayenda mwakachetechete, munthu osamva kalikonse m'thupi. Za khutu sakanalumbira kuti ndi bipi yokha, koma dzanzi la lilime lobwera n'kumachoka silinamusangalatse. Anatiuza kuti tsiku limene pakamwa padzapotoke, kapena dzanja kulefuka, tidzabwere nthawi yomweyo. Anapereka mapilisi oti azimwa m'mawa uliwonse osadumphitsa, ndipo anati achepetse mchere ndi soda. Ponena za mcherezo anayang'ana ine.

"Amai, poto ali m'manja mwanu. Muwasunge bambowa."

Pobwerera mu minibasi amuna anga ankaseka. "Ngakhale mbuzi inyambita mchele, amai. Ine mufuna mundisandutse gologolo?"

Ndinayamba kuthira pang'ono, kansonga chabe ka supuni. Koma lilime lawo lija masiku ena silinkamva kukoma kulikonse, ndipo ankati ndiwo zanga zili ngati madzi otsukira mbale. Iwo akuti mulibe mchere, ine ndikuti ulimo, tsiku ndi tsiku. Nditatopa ndi mkanganowo ndinaganiza zoleka kuthira m'poto. Ndinkatapa mchere wa muyeso wawo n'kuuika m'kambale kakang'ono pambali pa ndiwo, kuti aziuona ndi maso awo, aziwaza okha. Zinathandiza. Ankauona, ankauwaza, ankadya osadandaula. Ndinadziona wanzeru.

Zimene ndinalangizidwa kuchinamwali sizinandibwerere m'mutu, chifukwa zinali zitasiya kundikhudza kalekale. Kwathu ndi kuno mwambo ndi umodzi: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amauika pambali kuti wina athire. Chimodzimodzinso mkazi amene wagona ndi mwamuna wina kunja. Ameneyo akathira mchere ndi dzanja lake amadula mwamuna wake. Wodulidwayo amatupa mapazi ndi masaya, ndipo akapanda kupeza mankhwala a mdulo amafa. Ine za kumwezi ndinasiya mdzukulu wanga woyamba asanabadwe, ndipo akazi onse a pamudzi ankadziwa zimenezo.

Tsiku lina masana mlamu anabwera kudzatenga sefa yake, natipeza tikudya pakhonde.

"Odi, odi. Yayi, idyani mweo, neo nakhuta."

Anakhala pampando, maso ake nagwera pa kambale kaja.

"Alamu, mwabwelela ku utsikana kansi?"

"Chifukwa chiyani, alamu?"

"Naona kambale. Nati kapena tiyambe kusoka matewela, tilandile mwana wa mu ukalamba."

Ndinaseka, amuna anga nasekanso. Ndinamufotokozera za nesi ndi za bipi.

"Ohoo," anatero mlamu. "Nesi anati chepetsani, kapena anati dzanja lanu lisakhudze poto?"

"Anati chepetsani."

"Nangofunsa chabe. Ife a kuno sitidziwa kaphikidwe ka ku Katete."

Anatenga sefa yake napita. Amuna anga anali atasiya kuseka. Anayang'ana kambale kaja nthawi yaitali, kenaka anasamba m'manja asanakhute.

Mkazi woganiziridwa amafunika mwamuna woti amuganizire naye, ndipo sanachedwe kupezeka. M'mudzi woyandikana ndi wathu muli bambo wina wofedwa mkazi, mwini ngolo ya ng'ombe. Ndiye ankatinyamulira nthochi ife azimayi ambiri mpaka pamsewu waukulu pomwe timakwera minibasi. Ndi munthu wosalankhulalankhula, amacheza ndi ng'ombe zake kuposa ndi anthu. Pa zaka zonse zimene ndinakwera ngolo yake, mawu athu anali moni ndi zikomo. Koma tsopano ndikabwerako ku Nyimba ndinkapeza amuna anga atakhala pansi pa mtengo wa mango, mutu atapendeketsa.

"Pangolo munakhala kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo, bambo, pa nthochi, pamodzi ndi azimai anzanga."

"Anzanu ndani?"

Ndinkawatchula mmodzimmodzi.

"Awo ndi anzanu ndithu. Angakuululeni?"

Ndiye khutu lija. Tonse tinakula tikudziwa kuti khutu likalira ndiye kuti penapake akukutchula. Kale zinali zoseketsa, munthu ankangoti wondinenayo adzilume lilime, basi. Koma lawo silinkaleka, ndipo iwo anayamba kuliwerengera ngati mboni.

"Khutu langa lilila kuchokela m'mawa mpaka madzulo. Ndani amene satopa ndi dzina langa? Mudzi wonse udziwa chinthu chimene ine ndekha sindidziwa."

"Bambo, nesi anati mwina ndi bipi."

"Bipi idziwa kulila kwambili tsiku limene inu mwapita ku Nyimba?"

Kulirako kunkawatsekanso kumva. Ndikamalankhula ndi mnzanga pafupi ndi nkhokwe m'mawu a masiku onse, iwo ankaona milomo ikuyenda osamva kanthu, n'kumati tikunong'onezana. Ndikakweza mawu ankati ndikuchita dala kuti ndiwaphimbe m'maso. Kambale kaja ndinakachotsa, n'kubwerera kuthira m'poto pang'ono monga poyamba. Zimenezonso zinawadabwitsa: bwanji ndakachotsa mlamu atangokaona?

Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, ndisanavule n'komwe nsalu yanga yabwino, ndinapeza mlamu wabweretsa poto wa nyemba pakhonde pathu. Anali ataphika yekha, wopanda mchere. Pambali pake panali chitini chathu cha mchere. Amuna anga anakhala pampando wawo, manja ali pamaondo.

"Amai, thilani mchele. Ndi dzanja lanu, ine ndikuona."

Ndinamva manyazi ngati andivula pamsika, koma mantha ndinalibe, chifukwa ndinkadziwa thupi langa. Ndinatapa ndi zala zitatu n'kuthira.

"Onjezani."

Ndinatapanso, koma dzanja linaima m'mwamba. Ndinakumbukira nesi akundiuza kuti ndiwasunge. Sindinaime nthawi yaitali, mwina yongokwanira kumeza malovu.

"Mwaona, alongo anga?" anatero mlamu motsitsa mawu. "Dzanja lidziwa mwini wake."

Pomwepo ndinatapa wodzaza chikhatho n'kuuponya m'nyembamo, ndinatapanso wina n'kuponya. Ndinavundula ndi chipande, n'kuwapakulira. Nyembazo zinali zowawa, galu sakanazidya. Amuna anga anazidya zonse, maso ali pa ine.

Mwezi usanathe, mapazi awo anayamba kutupa. Madzulo akavula majombo, mapaziwo ankaoneka onyezimira, ndipo ukadinikiza chala pankatsala kadzenje. Ndinawaona ine poyamba. Ndinapemphera chamumtima kuti aphwe mlamu asanaone. Sanaphwe. Mlamu ataona sananene mawu ambiri. Anangogwira pakamwa, nati, "Lomba tiyembekezanso chiyani, masaya?"

Kuyambira tsiku limenelo amuna anga sanadyenso cha m'manja mwanga. Ankadyera kwa mlongo wawo. Mapilisi aja ndine ndinkawasunga m'kabati n'kuwapatsa m'mawa ndi madzi, choncho nawonso anakhala a m'manja mwanga, ndipo anawakana. Mlamu anapita kwa munthu wodziwa zitsamba, nabwerako ndi mizu ya mdulo. Ankainyika m'botolo, iwo namamwa. Ndipo mapazi anaphwa. Ndinaona ndi maso anga, anaphwa ndithu mpaka mitsempha kuonekanso. Akazi amene ankandiikira kumbuyo pachitsime anayamba kuyang'ana pansi ndikafika.

Pamenepo nanenso ndinayamba kukayikira chilichonse. Ndinkadzifunsa ngati mlamu anaika kanthu m'nyemba zija zisanafike pakhonde pathu. Ndinafufuza m'denga, pansi pa chiwundo, ngakhale m'mphepete mwa dimba, kuti mwina anandikwirira mankhwala. Sindinapeze kanthu, koma kusapezako sikunanditonthoze. Ndinkadutsa kuseri kwa khitchini yake nthawi ya chakudya, ngati ndikufuna nkhuku yosochera, n'kumaona zimene akuwapatsa: kapenta wa mchere, therere la soda, ndipo iwo ankawazanso wina pamwamba chifukwa lilime silinkamva. Ndinkadzifunsa ngati mlamu akuchita zimenezi mosadziwa, kapena akudziwa bwino lomwe. Mpaka lero sindingalumbire. Ankawakonda alongo ake, zimenezo sindikana. Dimba nalonso ankalifuna.

Tsiku lina nditagulitsa nthochi ndinalowa m'chipatala ndekha, n'kudikira pamzere ngati wodwala. Ndinamupeza nesi yemwe uja ndipo ndinamuuza za mapazi. Za mdulo ndinachita manyazi kumuuza. Iye sanadabwe n'komwe. Anati mapilisi amtundu umenewo anthu ena amawatupitsa mapazi, ndipo munthu akasiya kumwa amaphwa. Anati si choopsa, angathe kuwasinthira ena, koma kusiya mapilisi ndiko koopsa. Anandiuza kuti ndibwere nawo msanga.

Ndinabwerera kumudzi ndikuyenda ngati mtsikana, ndikuti nkhani yatha. Ndinawapeza akunola khasu.

"Bambo, ndaonana ndi nesi. Akuti mapazi anatupa ndi mapilisi. Munasiya mapilisi, ndiye anaphwa. Si mizu ayi. Tiyeni mailo, kukangocha, akakusinthileni."

Anapitiriza kunola.

"Ndiye kuti mapilisi amene munali kundipatsa ndi amene anali kunditupitsa."

"Inde, koma..."

"Ndipo mufuna ndikatenge ena."

"Bambo, bipi ikali m'thupi."

"Mwayenda mtunda wonse uja kukapangana ndi nesi za thupi langa, ine mwini kulibe. Munapita pa ngolo?"

Ndinapita pa ngolo. Panalibe njira ina yonyamulira nthochi.

Tinakhala choncho mpaka mvula kutha, m'nyumba imodzi, iwo pabedi ine pamphasa. Kumunda tinkapita limodzi chifukwa thonje silidikira kuti anthu agwirizane. Masiku ena ankaiwala, n'kundiitana kuti ndidzaone mbozi patsamba, kapena kundiuza nthabwala za wogula thonje amene sikelo yake imadwala chaka chilichonse. Ndikaseka ankakumbuka, nkhope n'kutsekekanso. Dzanzi linkabwera pafupipafupi, tsopano mpaka patsaya. Ankadzitsina tsayalo akamaganiza kuti sindikuona.

Zinachitika m'mawa wina tikuthyola thonje, mame asanaume. Ine ndinali mzere wina, iwo mzere wina. Ndinamva akundiitana, koma mawu ake anali ngati a munthu amene wadzaza phala m'kamwa. Nditacheuka ndinaona thumba lili pansi, dzanja lamanja likulendewera, pakamwa patakokekera mbali imodzi. Anagwada, kenaka anagona chammbali pakati pa mizere.

Ndinakuwa, anthu a minda yoyandikana nabwera, mlamu nafika akuthamanga opanda mpango kumutu. Ndinati tithamangire ngolo.

"Ngolo ya munthu uja yayi!" anakuwa mlamu. "Mufuna akawatsilize panjila?"

Anatuma munthu kukaitana wa njinga yamoto, koma anapezeka kuti wapita ku Petauke. Ena anati tiwanyamule pachitseko, ena anati tiyambe tawapatsa mizu ija. Dzuwa linkakwera, iwo ali gone pamthunzi wa chitenje changa, diso limodzi likundiyang'ana. Ndinaimirira n'kupita ndekha kumudzi kwa bambo wa ngolo uja. Ndinkadziwa mmene zidzanenedwere, kuti pa tsiku la tsoka mapazi ake anadziwa okha njira. Zinanenedwadi choncho. Bambo wa ngolo anamanga ng'ombe zake osafunsa funso, anayala matumba a thonje m'ngolomo, nawanyamula amuna anga ngati mwana. Mlamu anakwera nafe, atafulatira mwini ngolo njira yonse.

Kuchipatala anati mtsempha wa m'mutu wavulala chifukwa cha bipi. Mbali yamanja inali itafa, ndipo kulankhula kunali kutapita. Ankangotulutsa mawu amodzi osamveka, ngati munthu woyesa kukankha mwala ndi lilime. Ine ndi mlamu tinkawadikirira tonse, wina mbali iyi ya bedi wina mbali iyo, aliyense akuyang'anitsitsa zimene mnzake wagwira m'manja.

Masana ena anesi analola kuti tiwayese phala lolimbirako, pang'onopang'ono, atawakhazika tsonga. Mlamu anatulutsa lake m'kabakuli.

"Alamu, patukani. Munthu adye na mtendele."

Sindinafune phokoso pakati pa odwala. Ndinaimirira kuti ndituluke panja. Pomwepo dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, linandigwira pamkono. Linali dzanja la mlimi, lolimba, ndipo linandigwira zolimba mpaka kupweteka. Maso awo anali pa ine. Mawu awo aja anatuluka, kawiri kapena katatu, malovu akutsika pachibwano.

"Onani!" anakuwa mlamu, anthu a m'chipindamo nacheuka. "Amugwila! Pakamwa palephela, dzanja lanena! Aonetsa amene wawapha!"

Sindinachotse mkono. Ndinakhalanso pansi. Ndi dzanja langa linalo ndinawapukuta pachibwano ndi nsonga ya chitenje. Sanatembenuze mutu kundikana. Phala sanadye, la mlamu ngakhale la wina aliyense. Anandigwirabe choncho mpaka anagona tulo, zala n'kumasuka zokha. Sabata isanathe anamwalira.

Titaika maliro ndi kumeta, abale anakhala pansi kuti andisudzule, ndiko kumasula mkazi wamasiye ku ukwati. Woweruza anali amalume awo a amuna anga, munthu wokalamba, wa maso ofooka. Mlamu anayala nkhani yake mwadongosolo: kambale, dzanja loima m'mwamba, mapazi otupa, mizu imene inawaphwetsa, ngolo, ndi mkono wogwidwa. Ndikumvetsera ndinaona kuti ndikanakhala mlendo ndikanamukhulupirira. Ine ndinanena za nesi, za mapilisi, za mchere ndi soda. Ena anagwedeza mitu, sindikudziwa ngati movomera.

Amalume anandifunsa chinthu chimodzi chokha.

"Apongozi, inu ndinu amene munagwidwa. Dzanja lija linali kunena chiyani?"

"Amalume, ndakhala nawo mpaka imvi. Pondikalipila sanali kundikhudza. Anali kuima patali ndi kuloza ndi chala. Tsiku lija chala anali nacho, koma sanaloze. Ndinali kuchoka, iwo anandibweza."

"Wakuba naye timamubweza akafuna kuchoka," anatero mlamu.

Amalume anasisita ndodo yawo. Kenaka anati mwini dzanja wapita ndi mawu ake, ndipo iwo sangaweruze mlandu wa chigololo chimene palibe anachiona. Anati ndine womasuka. Nyumba ndi munda wa chimanga ndi za ana, ndingathe kukhalamo kapena kubwerera ku Katete, monga ndifunira. Dimba ndi la mbumba, libwerera kwa mlamu. Palibe amene ananena kuti ndine wolakwa, palibenso amene ananena kuti ndine wosalakwa. Nkhuku imene ndinaphikira anthu tsiku limenelo anadya ana anga ndi alendo ochokera kwathu okha.

Mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa kufupi ndi ku Minga, anatsalira masiku angapo anthu atabalalika. M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamupeza akulongedza zovala zanga m'thumba lake.

"Ukuchita chiyani?"

"Tipita tonse, amama. Chipinda chilipo. Mukhala bwanji pakati pa anthu amene sadya chakudya chanu? Ngakhale madzi a mumtsuko mwanu awaopa."

"Tulutsa zovala zanga."

"Amama, atate anapita. Mutsalila ndani kuno?"

"Ndikakwela minibasi lelo, pofika madzulo mudzi wonse udzati wathawa manyazi, ndipo alamu adzakhala kuti ananena zoona. Iwenso adzakutchula mwana wa mkazi amene anadula mwamuna wake."

"Anene! Kodi mudziwa bwanji kuti atate sanafe akuganiza zomwezo?"

Funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale kambirimbiri, ndipo ndimadzifunsabe. Ndinatenga thumba lija, n'kutulutsa nsalu zanga imodziimodzi, kuzibwezera pachingwe pomwe zimakhala.

"Sindidziwa, mwanawe. Chimene ndidziwa ndi chakuti ndinaimilila kuti ndichoke, atate ako anandikhazika pansi."

Ndinamuperekeza mpaka pamphambano. Pobwerera ndinadutsa pakhomo pa mlamu. Anali akusesa. Ndinamupatsa moni, iye nayankha, aliyense akuyang'ana m'manja mwa mnzake, ndipo ndinalowa m'nyumba mwanga.